Timawu Tating'ono Tomwe Timayendetsa Ntchito ku Katlehong: Zikhulupiriro ndi Zoona

Mmalawi akamatsika basi pa Park Station mumzinda wa Johannesburg, pa zonse zomwe wanyamula amadalira kwambiri Chizungu chake cha kusukulu. Sikuti amalakwitsa ayi. Kuno ku Joni mbiri yathu ndi yoti ndife anthu aulemu, olimbika pa ntchito komanso omva Chingerezi. Ena mwa abale athuwa amakapeza kachipinda ka renti ku Katlehong, lokeshoni yaikulu yomwe idakhazikitsidwa mu 1945 kummwera kwa Germiston, makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa Johannesburg. Kalembera wa 2011 adapeza kuti kuno kumakhala anthu oposa 400,000, ndipo mukaphatikiza Thokoza ndi Vosloorus dera lonseli limatchedwa Kathorus. Mbandakucha uliwonse matakisi amatuta anthu kupita nawo kumafakitale a ku Alrode, Wadeville ndi Roodekop, ena kunyumba za mabwana ku Alberton, ena kumaganyu a zomangamanga.

Kuntchitoko n'kumene Chizungu cha Fomu 4 chimayamba kuterera. Kapitawo wakuwa kuti, "Come on, load up, we are running out of time." Liwu lililonse palokha munthu adaliphunzira ali ku pulayimale, komabe amaima kakasi. Akuthamanga ndani? Akutuluka kuti? Pamene kapitawoyo akungonena kuti fulumirani, pakirani katundu, nthawi yatithera.

Awa ndi aneni amene aphunzitsi amawatcha ma phrasal verb: mneni wamfupi monga get, put, take, come kapena run, wotsatana ndi kaliwu kakang'ono monga up, off, out, in, on, down kapena back, ndipo awiriwo akagwirana amabala tanthauzo latsopano. Pali zambiri zomwe timauzana za timawu timeneti, kumudzi ndi kuno komwe. Zina zili ndi kachilungamo mkati, koma zambiri zimatibweza m'mbuyo.

Chikhulupiriro choyamba: "Chimenecho n'Chizungu cha mumsewu, wophunzira sayankhula choncho"

Maganizo awa sitidawatole pamsewu, tidakula nawo. Dr Hastings Kamuzu Banda ankalankhula Chingerezi cholemera pamisonkhano, womasulira ali pambali. Sukulu yake ya Kamuzu Academy, yomwe idatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, idatchuka ndi Chilatini ndi Chigiriki. M'makalabu a mtsutso kusekondale, wotafuna mawu ataliatali ndiye ankaomberedwa m'manja. Ukalemba "postpone" mphunzitsi ankagwedeza mutu mokhutira, ukalemba "put off" zinkaoneka ngati mawu akuthera. Tsono popeza munthu sapata satifiketi ya MSCE akalephera Chingerezi, tonse tidaphunzira kulemba zokondweretsa wochonga mayeso.

Zoona zake n'zakuti timawu timeneti ndi ta eni chinenero, ndipo n'takale kwambiri. Samuel Johnson, m'mawu otsogolera dikishonale yake ya mu 1755, adanenapo kale kuti kaphatikizidwe kameneka n'kofala m'Chingerezi mwina kuposa m'zinenero zina, ndiponso kuti n'kamene kamasautsa alendo. Dzina loti phrasal verb lidafala kudzera m'buku la Logan Pearsall Smith la mu 1925 lotchedwa Words and Idioms.

Nanga bwanji Chingerezi chili ndi njira ziwiri zonenera chinthu chimodzi? Mu 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo a kubwalo la mfumu ndi a zamalamulo ankagwiritsa ntchito Chifalansa, pomwe atsogoleri a mpingo ndi ophunzira ankalemba m'Chilatini. Mawu ambiri ataliatali adalowera khomo limenelo. Anthu wamba adapitiriza ndi aneni awo afupiafupi. Lero njira zonse ziwiri zili moyo, ndipo palibe yomwe ili yolakwika. Woweruza kukhoti akakana chigamulo cha bwalo laling'ono amati "set aside". Mtsogoleri akatula pansi udindo, nyuzipepala zimalemba "step down", wina akalumbiritsidwa zimati "sworn in". Woyendetsa ndege pa bwalo la OR Tambo, lomwe lili m'dera lathu lomwe lino la Ekurhuleni, amati "take off". Anthu amenewa sukulu adapita ndithu.

Kachilungamo kalipo pang'ono. M'kalata yofunsira ntchito kapena m'chimangirizo cha mayeso, mawu aulemu wa muofesi amakhala bwino, ndipo ena mwa aneniwa ndi a pakati pa anzako basi. Anthu a kuno akamati "rock up", kutanthauza kungotulukira pamalo, n'zocheza, si zolembera bwana. Choncho nzeru ndi kudziwa malo ake a liwu lililonse, osati kutaya gulu lonse.

Chikhulupiriro chachiwiri: "Ndikadziwa mawu akuluakulu, timawuti ndilibe nato ntchito"

Kuzemba aneni amenewa si matenda a Amalawi okha. Mu 1985 akatswiri awiri, Menachem Dagut ndi Batia Laufer, adafufuza ophunzira olankhula Chiheberi ku Israel ndipo adapeza kuti akapatsidwa mwayi wosankha, ambiri ankathamangira liwu limodzi lalitali n'kusiya mneni wa timawu tiwiri. Munthu amamva kutetezeka akagwira liwu lomwe tanthauzo lake ndi limodzi.

Vuto n'lakuti pakamwa pako ungasankhe chonena, koma khutu silisankha chomva. Taganizirani mayi amene wapeza ntchito ya m'nyumba ku Alberton. Wafika m'mawa, madamu achoka kale, pachitseko cha filiji pamatidwa kapepala: "Please hang out the washing, put away the dishes, take out the bin and lock up when you leave. I will pick you up at the robot tomorrow." Ntchito yonse ya tsikulo ili m'timawu tisanu timeneto: ayanike zovala panja, abwezere mbale m'kabati, atulutse bini, akhome zitseko zonse pochoka, ndipo mawa adikire pamaloboti adzatengedwa pagalimoto. Akamva "put away" ngati kutaya, mbale za eni zikathera m'bini.

Kuchipatala nkhani imakula. Kaya ndi kukiliniki ya m'dera kaya ku Thelle Mogoerane ku Vosloorus, chipatala chomwe chidalowa m'malo mwa chipatala cha Natalspruit mu 2014, namwino akazindikira kuti Chizulu simukumva amatembenukira ku Chingerezi, ndipo Chingerezi chake chimakhala ichi: "Lie down. Roll up your sleeve. Breathe in, breathe out. Are you throwing up? Come back before the pills run out." Akutanthauza kuti gonani, pindani mkono wa malaya, kokani mpweya, tulutsani, kodi mukusanza, mudzabwerenso mankhwala asanathe. Apa m'pofunika kusamala kwambiri ndi aneni ofanana nkhope. "Pass out" ndi kukomoka, "pass away" ndi kumwalira. Uthenga wa pafoni wosokoneza awiriwa ungaliritse mudzi wonse ku Mzimba kapena ku Mangochi munthu ali moyo.

Pa nkhani ya ntchito, kaliwu ka "off" kokha kangasinthe moyo wa banja. "Knock off" ndi kuweruka. "Take the day off" ndi kupuma tsiku limodzi. "Laid off" ndiye kuti ntchito yatha. Bwana akanena kuti "hand in your notice", akukuuzani kuti mulembe nokha kalata yosiya ntchito, zomwe n'zosiyana kwambiri ndi kuchotsedwa. Kusiyana kumeneku kuli ndi mtengo wake, chifukwa lamulo la zantchito la mu 1995 la dziko lino limapatsa munthu wochotsedwa mopanda chilungamo masiku 30 okha oti akadandaule ku CCMA, bungwe loyanjanitsa olemba ndi olembedwa ntchito. Wongovomera kuti "yes, boss" asanamvetse angasaine pepala lomutsekera yekha khomo.

Aliyense wokwera takisi ya kuno amadziwa kuti ndalama imayenda dzanja ndi dzanja kuchokera kumpando wakumbuyo mpaka kwa wokhala pafupi ndi dalaivala, amene amawerengera tchenji. Wotulutsa R200 m'mamawa amayang'anidwa ndi diso loipa, ngakhale ndalama yakeyo ndi yeniyeni. Mawu akuluakulu ali ngati R200 ija: ndi chuma ndithu, musachitaye, koma ulendo wa tsiku ndi tsiku umayenda ndi ndalama zing'onozing'ono.

Chikhulupiriro chachitatu: "Zimenezi zilibe mutu, n'zongoloweza"

N'zoona kuti ena mwa aneniwa sungawamve pongophatikiza matanthauzo a zidutswa zake. "Give" ndi kupatsa, "up" ndi m'mwamba, koma "give up" ndi kugonja kapena kuleka. "Put up with" ndi kupirira. Amenewa ndi ofunika kuwaphunzira athunthu.

Koma ambiri ali ndi njira yomwe amatsata. Kaliwu ka "up" kawirikawiri kamanena za kumaliza chinthu mpaka pamapeto: "eat up" ndi kudya zonse, "fill up" ndi kudzaza mpaka pakamwa, "use up" ndi kugwiritsa ntchito mpaka kutha, "lock up" ndi kukhoma paliponse. Ka "off" kamakonda kulekanitsa, kudula kapena kuzimitsa: "switch off", "cut off", "drop off". Ka "out" kamatulutsa kapena kusonyeza kuti chinthu chatha: "take out", "run out", "sold out". Ka "back" kamabweza: "pay back", "call back", "bring back". Munthu akagwira khalidwe la timawu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, amayamba kulota molondola tanthauzo la mneni yemwe sadamumvepo.

Komanso ife olankhula Chichewa sitiyenera kudabwa nazo, chifukwa chinenero chathu chimachita zomwezo m'njira yakeyake. Timati choka, chokapo, chokamo, chokako, ndipo mwana wa zaka zinayi amadziwa kusiyana kwake. Timati tseka ndi tsekula, mata ndi matula. Mneni mmodzi woti gwira amatipatsa gwirira, gwiritsa, gwirizana, kenaka kugwira ntchito, kugwira mwendo, kugwira njakata. Mzungu wophunzira Chichewa akamva kuti "wataya mtima" kapena "wagwa mphwayi" amayang'ana pansi kufuna chomwe chagwacho. Kusiyana n'kwakuti ife timamata timawu tathu kumchira kwa mneni, pomwe Angerezi amatisiya patokha. Chizulu ndi Chisotho, zinenero zazikulu za ku Katlehong, nazonso zimamata kumchira ngati ife, pamene Chiafrikaans chili ndi aneni ogawika pawiri ofanana ndi a Chingerezi.

Lamulo limodzi ndi lofunika kuligwira, chifukwa limathandiza tsiku lililonse. Mungathe kunena "pick up the parcel" kapena "pick the parcel up", zonse n'zolondola. Koma mukagwiritsa ntchito it, him, her kapena them, pa aneni otere liwulo limalowa pakati pa mneni ndi kaliwu kake: "pick it up", osati "pick up it". Palinso kachizolowezi kathu kosiya kaliwu komalizira, monga kunena "I will pick you at five". Kwathu timamvana bwinobwino, ndipo si tchimo, koma kwa anthu ena "pick" yekha ndi kusankha kapena kuthyola chipatso.

Chikhulupiriro chachinayi: "Alipo masauzande, ndingawathe bwanji?"

Mukatsegula dikishonale ya aneni amenewa mupezadi masauzande, ndipo mtima ungagwe. Koma si onse amene amayenda mumsewu. Mu 2007 Dee Gardner ndi Mark Davies adawerenga aneniwa mu British National Corpus, nkhokwe ya mawu pafupifupi 100 miliyoni a Chingerezi cholembedwa ndi cholankhulidwa. Adapeza kuti munthu amakumana ndi mneni wotere kamodzi pa mawu pafupifupi 150 alionse. Adapezanso kuti aneni 25 okha amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi zonse zomwe aneniwa amaoneka, ndipo 100 amapitirira theka. Mu 2015 Mélodie Garnier ndi Norbert Schmitt adakonza mndandanda wa aneni 150 ofala kwambiri pamodzi ndi matanthauzo awo ofunika, omwe onse adakwana 288.

Nambala zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ntchitoyi ndi yotheka: amene adaloweza mitsinje ya mu Africa ndi zaka za m'buku la mbiri sangalephere aneni 100. Chachiwiri, mneni mmodzi amakhala ndi matanthauzo angapo, ndiye pofunika kumuphunzira ali m'chiganizo. "Take off" ya ndege, "take off" ya nsapato ndi "take off" ya bizinesi yomwe yayamba kuyenda bwino zimalembedwa mofanana, koma chiganizo n'chomwe chimakuuzani kuti ndi iti.

Ndipotu ambiri mwa iwo tili nawo kale m'kamwa. Galimoto ya pikapu, mekapu ya kumaso, chakudya cha "take away", "cash in" ndi "cash out" ya kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zonsezi zidachokera kwa aneni omwewa. Sitikuyambira pansi.

Chikhulupiriro chachisanu: "Ku lokeshoni Chizungu n'chosafunika," ena amati, "Chizungu chokha chikwana"

Mbali zonse ziwiri zili ndi theka la choonadi. South Africa ili ndi zinenero zovomerezeka 12 kuyambira mu 2023, pomwe chinenero cha manja chidawonjezedwa. Kalembera wa 2022 adasonyeza kuti pa anthu 100 alionse, osakwana 9 ndi amene amalankhula Chingerezi kunyumba, pomwe olankhula Chizulu amaposa 24. Ku Katlehong, kaya ndi ku Ramokonopi, ku Moleleki kapena ku Spruitview, moni wa m'mawa, mtengo wa tomato ndi mkangano wa pa renki ya Natalspruit zimayenda m'Chizulu ndi Chisotho. Mlendo wopatsa moni agogo oyandikana nawo m'Chingerezi chokhachokha chaka chonse amaoneka wodzikweza ngakhale alibe mtima umenewo. Kuphunzira "sawubona" ndi "dumela" ndi ulemu womwe kwathu tidaleredwa nawo.

Koma mukangogwira pepala kapena foni, Chingerezi chimabwerera pampando wake. Fomu ya kubanki imati "fill in". Makina a pageti la fakitale amafuna "clock in" ndi "clock out". Potumiza ndalama kumudzi kudzera ku Mukuru kapena Hello Paisa pali "sign up" ndi "log in". Mayunitsi a foni kapena a magetsi akatha pali "top up". Wapolisi wa pamsewu amati "pull over". Mwini nyumba akakwiya amati "move out".

Agogo athu amene ankabwera ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, sankafunika zonsezi. Kumigodi kunali Fanakalo, chinenero chosakaniza chongolamulirana pa ntchito, ndipo mapepala awo onse ankayendetsedwa ndi owalemba ntchitowo. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa ndi boma la Malawi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Wobwera masiku ano amadziyimira yekha: amadzifunira yekha ntchito, amakambirana yekha malipiro, amawerenga yekha uthenga wa bwana pa WhatsApp. Womasulira wake ndi khutu lake lomwe.

Chikhulupiriro chachisanu ndi chimodzi: "Ndakula, mutu udauma, zimenezi n'za ana asukulu"

Ana amatola katchulidwe msanga, zimenezo n'zoona. Koma pa nkhani ya mawu atsopano munthu saleka kuphunzira, ndipo wamkulu ali ndi mwayi womwe mwana wa ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota alibe: iye akukhala pakati pa mawuwo, ndipo akuwamva akugwira ntchito. Tate amene adaphunzira misewu ya Germiston, zizindikiro za zala zoimitsira matakisi ndi mitengo ya m'maRandi atakula kale, mutu wake sudaume.

Njira yake siyofuna fizi. Sungani kabuku kakang'ono m'thumba la ovolosi, kapena lembani m'foni. Mukamva mneni wachilendo, lembani chiganizo chonse monga mwachimvera, ndi malo omwe mwachimvera. Madzulo funsani. Ana athu ophunzira m'sukulu za kuno ndi aphunzitsi abwino, ndipo amanyadira akafunsidwa ndi makolo. Sanjani zomwe mwatola potsata malo: za kuntchito pazokha, za kuchipatala pazokha, za ndalama pazokha. Mverani nkhani za Chingerezi pa wailesi monga SAfm, muzitchera khutu ku timawu takumapeto kwa aneni. Kenaka yesani kugwiritsa ntchito mmodzi kapena awiri tsiku lotsatira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachikulu koposa ndi kuchotsa manyazi pofunsa. Mnyamata wina wongofika kumene akhoza kunong'oneza mnzake wakale pa ntchito kuti, "Achimwene, bwanayu akuti 'sort it out', ndiye kuti ndisankhule kapena bwanji?" Winayo n'kuyankha, "Ayi mphwanga, akuti ukonze vutolo lithe." Nkhani yatha m'masekondi ochepa, ntchito yapulumuka. Ngakhale kwa bwana weniweniyo, kunena kuti "Sorry, what do you mean?" sikuchotsa ulemu wa munthu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo kuno phulalo limatha kukhala kutaya malipiro a mwezi wathunthu.

Kwa aphunzitsi a Chingerezi kumudzi, pempho ndi lakuti musamadule ndi cholembera chofiira mwana amene walemba "find out" m'malo mwa "discover". Muphunzitseni zonse ziwiri, ndi malo ake a chilichonse, chifukwa ena mwa ana amenewo mawa adzakhala pamzere wa pa Mwanza ndi pa Beitbridge. Kwa inu achimwene ndi achemwali a ku Katlehong, Thokoza ndi Vosloorus, Chizungu chanu cha kusukulu chisungeni, n'chabwino ndipo chidzakuthandizani polemba kalata. Koma kuyambira mawa m'mawa tcherani khutu ku up, off, out ndi back, ndipo pepala lililonse lomwe simunalimvetse musasaine musanafunse.